Wina ali pamwamba pa nsanja, wina ali kuseri kwa mpanda pansi: kava timaiwerenga bwanji?

Chiko_Zingwangwa

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mwayendetsapo ma gemu nthawi yaitali, chifukwa pa tebulo pathu nkhani iyi ikutidyera nthawi, ndewu yoti ithe msanga ikumatenga madzulo onse tikungokokanakokana. Timasewera Dungeons & Dragons (D&D), gemu ya pa tebulo ya nkhani ndi madayisi, mtundu wachisanu wotchedwa 5e malamulo a 2014 aja, DM woyendetsa gemu ndine, ma player alipo anayi, timakumana Loweruka masana kuno ku Zingwangwa. Mapu timajambula pa manila wa timabokosi, bokosi limodzi mafiti 5 monga mwa masiku onse, anthu athu ndi zitsekerero za mabotolo zomwe tinamatapo mayina.

Ndewu ikakhala pamalo athyathyathya palibe chovuta. Kava ndi chinthu chotchinga munthu kwa womulasa, hafu kava ndi +2 pa AC (nambala yomwe mdani ayenera kufika kuti akulase) ndi pa Dex save (dayisi yozembera ngozi), kava ya makota atatu ndi +5, kava yathunthu ndiye kuti munthuyo sungamuloze mwachindunji, izi aliyense amazidziwa. Njira ya m'buku la DM ija timaitsatanso, yoti usankhe kona imodzi ya bokosi la wolasa n'kukoka mizere kupita ku makona anayi a bokosi la mdani, umodzi kapena iwiri ikatsekeka ndi hafu, itatu kapena inayi koma muvi ukutha kudutsabe ndi makota atatu. Rula ili pa tebulo, timayeza, nkhani yatha.

Koma wina akangokwera pamwamba basi zonse zimasokonekera. Taonani chitsanzo ichi. Linga lakale, pali nsanja ya mafiti 30, pamwamba pake ma goblin awiri a mauta. Pansi pali mpanda wamiyala wogumukagumuka wofika mafiti 5, uli mafiti 30 kuchokera patsinde pa nsanja. Fighter wayima bokosi loyamba kuseri kwa mpanda, wizard wayima bokosi lachitatu. Tikaika rula pa pepala mizere yonse inayi ikudutsa pa mpanda kwa onse awiri, ndiye mwini wizard akuti ine ndili ndi +5 yanga. Ine m'mutu mwanga ndikuona goblin uja akumuona wizard kuyambira chipewa mpaka nsapato. Mnzangayo akuti a DM lamulo ndi lamulo musamasinthe zinthu ndewu ili mkati, ndipo mfundo yake ndikuimva chifukwa mizere ija ya m'buku siitchula za munthu amene wakwera.

Ndiye inu mumatani? Komanso ranger akamalasa chokweza kuchokera pansi mtunda mumawerenga bwanji, mabokosi a pansi okha kapena mumaphatikiza ndi kukwera kwake? Chinanso, ma player anga awiri amasewera gemu ya pa kompyuta ya Baldur's Gate 3 ndiye akumafuna kuti aliyense amene ali pamwamba azipatsidwa bonasi kapena advantage (kuponya dayisi kawiri n'kutenga nambala yaikulu), kodi zimenezi zili m'malamulo a pa tebulo?

Tadala_Chichiri

Achimwene a Chiko, lamulo lili bwino, chomwe chikusowa ndi chithunzi chachiwiri. Mapu anu amaonetsa malo kuchokera kumwamba basi ndiye mpanda wa mafiti 5 ndi khoma la mafiti 50 zimaoneka chimodzimodzi, kamzere kamodzi. Tengani kapepala kena ka timabokosi mujambule malo omwewo chammbali, pansi mzere wogona, nsanja mabokosi 6 kupita m'mwamba, mpanda bokosi limodzi, pakati pawo mabokosi 6. Kenako rula yomwe ija muyiike pa maso a wolasa idutse pa msonga ya mpanda mpaka ikagunde pansi. Chilichonse chomwe chili kunsi kwa mzere umenewo chabisika, cha pamwamba pake chili poyera. Ndi lamulo la m'buku lomwe lija kungoti mwaliimika chilili, ndiye mwini wizard sanganene kuti mwabweretsa lachilendo.

Mukafuna masamu ake ndi awa, mutenge kutalika kwa mpanda muchulukitse ndi mtunda wa pakati pa wolasa ndi mpanda, mugawe ndi kusiyana kwa pamene pali maso a wolasa ndi msonga ya mpanda. Pa chitsanzo chanucho munthu wa msinkhu wabwinobwino maso ake ali cha pa mafiti 35, mpanda 5, kusiyana 30, ndiye 5 kuchulukitsa 30 kugawa 30 ikubwera 5. Mthunzi wa mpanda ukuthera pa bokosi loyamba lomwelo. Goblin ndi wamfupi maso ake mwina ali pa 33 koma sizikusintha kanthu, ikubwera 5 ndi kapang'ono. Ndiye wizard wa bokosi lachitatu alibe kava olo pang'ono, mumaona bwino m'mutu mwanumo. Ndipo olo fighter amene ali kutsogolo kwake sakumutchinga, pamalo athyathyathya thupi la mnzako limakupatsa hafu kava koma muvi wochokera pa nsanja ukudutsa pamwamba pa mutu wa fighter n'kutsikira pa wizard.

Fighter naye +5 sakuyenera. Pakati pa bokosi lake mthunzi ukufika mafiti awiri ndi theka, ndiye ine ndingamupatse hafu kava, +2, poganiza kuti munthu wodziwa nkhondo amatsamira kumpanda osati kuyima chilili pakati. Akagona chafufumimba m'tsinde mwenimweni mwa mpanda apo nde goblin sakumuonanso.

Chomwe chimandisangalatsa pa nkhaniyi n'choti wolasa akamatalikira mpanda umayamba kugwira ntchito. Nsanja yomweyo muikankhire kutali ikhale mafiti 90 kuchokera pa mpanda, mthunzi ukufika mafiti 15, mabokosi atatu. Wa bokosi loyamba wabisika mpaka pachifuwa, makota atatu, wachiwiri mpaka cha m'ntchafu kapena m'chiuno, hafu, wachitatu ndi akakolo okha ndiye palibe chomwe wapeza chifukwa hafu kava imafuna kuti theka la thupi libisike. Ndiye malo abwino kubisala amasintha kutengera pamene mdani ali, ndipo ma player akazindikira zimenezi amayamba kuyenda mwanzeru pa mapu osangoti ndili kuseri kwa chinthu basi.

Ngati kujambula kukuchedwetsani pali njira ya tochi. Dulani makatoni mumange nsanja ndi mipanda koma sikelo ikhale yofanana, ngati bokosi lanu ndi inchi imodzi ndiye mafiti 5 aliwonse okwera akhalenso inchi imodzi, apa ndi pamene ambiri amaphonya, amasanjikiza mabokosi a machesi mwachisawawa kenako nsanja ya mafiti 30 n'kukhala yaifupi kuposa mmene iyenera kukhalira. Zitsekerero nazo muzimate zingapo pamwamba pa zinzake mpaka zifike inchi imodzi kuti zikhale ndi msinkhu. Mukatero muike tochi ya foni pamene pali mutu wa wolasa, kuwala kukafika pathupi lonse palibe kava, kukafika theka hafu, kukangokhudza mutu makota atatu. Aliyense pa tebulo amaona ndi maso ake ndiye palibe wokangana ndi mthunzi.

Madala_Namiwawa

A Tadala afotokoza bwino ndipo masamu awo ndi olondola, koma a Chiko mwana wanga musawachitire pa tebulo ndewu ili mkati. Muwachite kunyumba pokonzekera. Malo okwera pa mapu amodzi sachuluka, nsanja imodzi, khonde la m'mwamba, mwina chulu kapena thanthwe, ndiye musanakumane ndi anzanu muone kuti kuchokera pa nsanja mpanda uwu ukubisa mabokosi angati, mulembe ndi pensulo pa mapu pomwepo, kadontho kamodzi hafu, tiwiri makota atatu. Tsiku la gemu mungoyang'ana.

Ndipo chachikulu kuposa zonse ndi nthawi imene mwanenera. Mkangano wa pa tebulo panu ukubwera chifukwa mwini wizard akumva za kava yake dayisi itagwa kale, goblin waponya 14, iye AC yake 12, akuwerengera kuti ndi +5 wapulumuka, inu mukuti ayi walasidwa. Munthu aliyense zikatero amaona ngati wabedwa. Munene pamene akusuntha chitsekerero chake, "pamenepo goblin wa pa nsanja akukuona yense, ukasendera bokosi ili uli ndi hafu, ukufuna kuyima pati?" Wizard amene ali m'nkhanimo ali ndi maso, akuona nsanja, akudziwa ngati mpanda ukumutchinga kapena ayi, ndiye kumuuza player zomwe munthu wake akuona si kumukondera. Akasankha yekha kuyima poyera ndiye muvi ukabwera sadandaula.

Ife a ku Blantyre nkhani iyi sitiyenera kuvutika nayo. Kwerani chitunda cha ku Ndirande kufupi ndi phiri muyang'ane nyumba za kumunsi, mipanda ya njerwa ija yomwe munthu wodutsa mumsewu saona kanthu mkati, inu muli pamwamba mukuona bwalo lonse, zovala pa chingwe, mbaula, ana akusewera, chomwe simukuona ndi munthu yekhayo amene wakhala motsamira mpanda wa mbali yanu. Player akakana muuzeni zimenezi amva msanga kuposa masamu.

Za bonasi ya pamwamba, ayi mu 5e mulibe. Baldur's Gate 3 imapereka +2 kwa amene ali pamwamba ndi -2 kwa amene akulasa ali pansi, koma ilo ndi lamulo la a Larian anaika okha mu gemu yawo ya 2023, ndipo kumbukirani kuti mmenemo mulibe hafu kava ndi makota atatu ngati za pa tebulo, ndiye anafunika njira ina yoti malo azikhala ndi phindu. Ife amene tinayambira pa D&D yakale ya 3.5 timakumbuka +1 ya munthu amene ali pamalo okwera, koma inali ya ndewu ya pafupi, lupanga ndi nkhwangwa, ya mauta inalibe. Buku la 5e limalola DM kupereka advantage pamene waona kuti n'koyenera, izo n'zoona, koma ine ndimakana kupereka chifukwa chongokwera. Advantage si kanthu kakang'ono, munthu amene amafunika 11 pa dayisi ya mbali 20 mwayi wake umachoka pa 50 kufika 75 pa 100 iliyonse, ndipo ngati ndi rogue mwamupatsanso Sneak Attack, kuvulaza kowonjezera kuja, raundi iliyonse osaivutikira. Wapamwamba walandira kale malipiro ake kawiri, adani ake ataya kava, iye wapeza kava ya m'mphepete mwa denga, ndipo wa lupanga kuti amufike ayenera kukwera pomwe kukwera kumadya mayendedwe kawiri. Mukawonjezera advantage ndewu iliyonse idzasanduka mpikisano wothamangira pamtengo.

Chiko_Zingwangwa

Zikomo a Tadala, zikomo madala, za kunena dayisi isanagwe ndazigwira ndipo madontho a pensulo ndiyamba nawo. Koma mwatchula kava ya m'mphepete mwa denga ndiye pali mbali ina yomwe ikundivuta. Mu 5e munthu amatha kugawa mayendedwe ake, ndiye goblin akusendera m'mphepete, kulasa, kenako kubwerera mabokosi awiri kumbuyo, ikafika nthawi ya ma player pa nsanja sipakuoneka munthu. Komanso ali ndi luso la Nimble Escape ndiye amabisalanso ndi bonus action, kochita kowonjezera pa nthawi yake yomweyo. Mwalamulo zili bwino koma nkhope za anzanga zimaoneka kuti sakusangalala, akuti DM akusewera yekha. Kodi ndisiye kuchita zimenezi kapena pali mmene apansi angayankhire? Nanga za mtunda zija palibe wandiyankha.

Nachisale_Bangwe

Musasiye achimwene, ine ndimasewera ranger ndipo ndewu zoterezi ndi zomwe ndimazikonda, mdani wongoyima poyera kudikira muvi amatopetsa. Chofunika n'choti apansi adziwe kuti ali ndi zochita, ndipo zilipo zambiri.

Yoyamba ndi Ready. Player anene kuti goblin akangosuzumira m'mphepete ndimulasa, nthawi yake ithe, goblin akatulukira iye agwiritse reaction, kochita kamodzi komwe munthu amaloledwa olo si nthawi yake. Pali mtengo wake, Extra Attack imagwira pa nthawi yako yokha ndiye amene amalasa kawiri alasa kamodzi, ndipo wa matsenga akakonzekeretsa spell imafuna concentration komanso slot, mpata wake woponyera spell, yapita olo mdani asatuluke. Koma goblin wa m'buku la 2014 ali ndi HP (mapointi a moyo) 7 ndi AC 15, muvi umodzi wabwino wamugwetsa, ndiye anthu atatu akadikira limodzi amene asuzumire koyamba sabwereranso. Apa inu a DM muchite chilungamo, goblin asamadziwe mwamatsenga kuti anthu akumudikira pokhapokha ngati wawaona akukoka mauta.

Yachiwiri ambiri saiganiza, amathamangira kutsinde kwa nyumba pomwe kuti uone padenga uyenera kutalikira. Ndibwereke njira ya a Tadala. Denga la mafiti 20, ine ndili pansi maso anga pa mafiti 5, ndayima mafiti 20 kuchokera pakhoma. Mzere wanga ukukwera 15 pa 20 aliwonse, ndiye munthu amene wabwerera bokosi limodzi kuchokera m'mphepete wabisika pafupifupi mafiti 4, makota atatu, akabwerera awiri wasoweratu. Koma ndikapita mafiti 60 mzere ukugona, bokosi limodzi kumbuyo wabisika miyendo yokha, awiri kumbuyo hafu, kuti asowe ayenera kubwerera mabokosi anayi ndipo nsanja zambiri pamwamba pake sipafika kukula kumeneko. Longbow imafika 150 popanda vuto, shortbow ya goblin imathera pa 80 kupitirira apo ali ndi disadvantage (kuponya dayisi kawiri n'kutenga nambala yaing'ono), ndiye ranger amene wabwerera kutali amamuona mdani bwino komanso mdaniyo amavutika kumubwezera. Kutsinde kwa khoma ndi kwa amene akufuna kubisala kapena kukwera, kumeneko goblin ayenera kuweramira kunja kuti akuone.

Kenako matsenga. Fireball safuna kuona goblin, wizard asankhe malo m'mwamba pamwamba pa m'mphepete mwa nsanja pomwe akuwaona, moto umafalikira mafiti 20 mbali zonse ndipo umakhota m'makona, kampanda ka padenga sikapulumutsa munthu. Sacred Flame ya cleric siwerengera kava pa save yake bola akumuona. Druid ali ndi Thorn Whip, imafika mafiti 30 ndipo imakokera mdani kwa iwe mpaka mafiti 10, munthu wa m'mphepete mwa denga ukamukoka akugwa, kuvulala kwa dayisi imodzi ya mbali 6 pa mafiti 10 aliwonse ndipo akufikira chogona pamaso pa fighter. Koma warlock asamale ndi Repelling Blast, imeneyo imakankhira kutali ndiye ukamumenya uli pansi ukumuthandiza kulowa mkati mwa denga.

Pempho langa kwa ma DM ndi limodzi, zomwe mwalola goblin mulolenso ife. Tsiku lomwe ma player agwire nsanja iwo n'kumasuzumira, kulasa, kubwerera, musabwere ndi lamulo latsopano loti denga ndi loterera. Adani achite Ready nawonso, abweretse makwerero, ayatse moto pansi utsi ukwere, zimenezo timazilandira.

Madala a ku Namiwawa pa advantage ndikugwirizana nanu, koma pali china ndiwonjezere. DM amene watopa ndi mikangano amangosiya kava yonse, aliyense amalasa aliyense basi. Zikatero amene anatenga Sharpshooter wataya mbali ina ya feat yake, luso lapadera lomwe anasankhalo, chifukwa ntchito yake ina ndi kusawerengera hafu kava ndi makota atatu. Ine ndinaitenga kuti goblin wa kuseri kwa kampanda ka pa nsanja akhale ntchito yanga pamene anzanga akulephera, ndiye kava izikhalapo ndithu ndipo izinenedwa mokweza.

Yami_Limbe

Aise Chiko za mtunda ndikuyankhe ine. Ranger ali mafiti 40 kuchokera patsinde, mdani ali mafiti 30 m'mwamba, mtunda weniweni ndi 50, Pythagoras wa ku sekondale uja. Koma pa tebulo sufunika kufika kumeneko. Ngati mumatsata lamulo wamba la 5e loti kuyenda chopingasa ndi mafiti 5 basi, ndiye kukwera nako ndi chopingasa china, tenga nambala yaikulu pa ziwirizo, 40, watha. Ngati mumatsata 5 kenako 10 kenako 5, yomwe ili ngati njira ina m'buku la DM ndipo ndi lamulo lokhazikika kwathu ku Pathfinder, gemu ina yofanana ndi D&D, tenga yaikulu uphatikize theka la yaing'ono, 40 ndi 15 ikubwera 55. Ina ikuchepa ndi 10 ina ikupitirira ndi 5, zonse n'zogwirika, bola musankhe imodzi musanayambe ndipo igwire kwa onse. Ndipo nthawi zambiri sizifunika n'komwe, longbow ya 150 pa mapu a mabokosi 20 ukuwerengeranji. Zimafunika pamene muli m'malire, mkondo woponya wa 30, spell ya Misty Step ya 30, ya Counterspell ya 60, apo nde muwerenge mosamala chifukwa bokosi limodzi limasintha nkhani. Thorn Whip ya achemwali a ku Bangwe ija pa nsanja ya 30 ndi njira yoyamba ikufika, ndi yachiwiri druid ayenera kuyima kutsinde kwenikweni.

Kuti musamaiwale amene ali pamwamba, ikani dayisi pambali pa chitsekerero chake yoonetsa mabokosi okwera, 6 ndiye kuti mafiti 30. Zimathandiza kwambiri pa zouluka, chifukwa Fireball ndi mpira osati chimbale, ikaphulikira pansi chinthu chomwe chili mafiti 30 m'mwamba sichikupsa olo pa mapu chikuoneka kuti chili pakati pa moto.

Ife timasewera Pathfinder 2e ya Paizo, inatuluka 2019, ndipo kava yake ndimaiona yosavuta pa nkhani ya zitunda. Mzere ndi umodzi, kuchokera pakati pa bokosi lako kupita pakati pa bokosi la mdani. Ukadutsa pa munthu wina ndi +1, ukadutsa pa chinthu cholimba ndi +2, ndipo +4 nthawi zambiri umaipeza ukawononga action imodzi pa zitatu zako kuchita Take Cover. Ubwino wake ndi woti kubisala kwambiri ndi chinthu chomwe player wasankha ndipo walipira, sikuti DM wamupatsa kapena wamumana. Sindikuti musinthe gemu, koma mzere umodziwo mutha kubwereka pa chithunzi chammbali cha a Tadala, ulusi umodzi kuchoka pa mutu wa wolasa kupita pachifuwa cha mdani, ukakhudza mpanda hafu, ukapanda kukhudza palibe, makota atatu muzisungira mawindo ang'onoang'ono a linga ndi munthu amene wanena kuti akudzipanikiza kukhoma.

Tadala_Chichiri

A Yami ulusi umodziwo ndaulandira pa ndewu zazing'ono. Ndingokumbutsa kuti kuona munthu ndi kukhala ndi njira yomufikira ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo pa zitunda zimasiyana kwambiri. Windo lagalasi la nyumba yosanja, mdani ukumuona bwinobwino koma ali ndi kava yathunthu, spell yofuna njira yotseguka siidutsa, ndipo ukaloza malo omwe sukuwaona pali khoma pakati, spell imaphulikira mbali yako ya khomalo. Munda wa chimanga ndi zosemphana, mapesi saimitsa muvi ndiye si kava, amangobisa. Anthu awiri ali pansi m'munda sakuonana, koma wa pa nsanja akuyang'ana chotsika m'mizere ndipo akuona mitu ndi mapesi akugwedezeka, ndiye ine wa m'munda ndimamuwerengera kuti wabisika pang'ono chabe kwa wapamwamba, Perception ya maso ikhale ndi disadvantage, pomwe kwa wapansi wabisikiratu. Ma rogue amakonda kunena kuti ndabisala ngati kuti kubisala n'kumodzi kwa adani onse, muziwafunsa kuti wabisalira ndani.

Madala_Namiwawa

Pa za kugona chafufumimba a Tadala ndi ine tisiyana pang'ono. Buku limati wolasa ali kutali kuposa mafiti 5 amakhala ndi disadvantage pa munthu wogona, chifukwa pamalo athyathyathya wogona amachepa. Koma munthu wagona pabwalo poyera, wolasa ali pa nsanja pamwamba pake penipeni, msana wonse uli poyera, wakula kuposa mmene analili atayima. Pa tebulo panga wolasa akakwera kuposa mtunda wa pansi womwe uli pakati pawo, disadvantage imeneyo ndimaichotsa, sindipereka advantage, ndimangoichotsa. Ili ndi lamulo la panyumba panga, m'buku mulibe, ndiye a Chiko mukalifuna muwauze anzanu gemu isanayambe avomereze. Wogona m'tsinde mwa mpanda uja a Tadala anena ndiye ayi, ameneyo wasowadi, koma akumbuke kuti kudzuka kumadya theka la mayendedwe ake ndipo akalasa ali chigonere disadvantage ili kwa iye.

Nachisale_Bangwe

Madala lamulo lanulo ndingalilandire pokhapokha ngati ligwirenso ine ndikakwera mumtengo ma orc atagona m'udzu pansi panga. Ndipo a Chiko pa nsanja yanuyo muikepo masitepe a mkati kapena chingwe cha mbendera chomwe munthu angakwerere, mafiti 30 okwera khoma ndi mafiti 60 a mayendedwe, fighter wa liwiro la 30 akufunika Dash, kuyenda kawiri mtunda wake, kuti afike raundi imodzi ndipo ayenera kuyambira kutsinde kwenikweni, apo ayi raundi ziwiri ali lende pakhoma popanda kava iliyonse. Muwauze nambala imeneyo asanayambe kukwera.